Mukufuna uphungu wa state ku America? Yambani ndi masiginecha

Tsiku lina tikuwotcha nyama kuseli kwa nyumba ya mnzathu kuno ku Illinois, achimwene ena amene angolandira kumene unzika wa America anandifunsa kuti kodi munthu amayambira pati kuti akhale phungu kuno, ati atopa ndi kumangodandaula m'magulu a WhatsApp. Anthu anaseka, wina mpaka anayamba kuwatchula kuti honalebo, koma ine sindinaseke kwambiri chifukwa ndinathandizirapo kampeni ya mayi wina amene ankafuna mpando wa ku state ndipo ndinaona ndi maso anga kuti khomo lake ndi lotsegula ndithu, kungoti silili pomwe ambirife timaganiza. Ndiye ndilembe zomwe ndinawauza tsiku limenelo, ndi zina zomwe ndinaiwala chifukwa nyama inali itapsa.

Kwathu tinazolowera nyumba ya malamulo imodzi, ya ku Lilongwe, basi. Kuno kuli ya ku Washington yomwe mumaiona pa TV, kenako state iliyonse mwa 50 zija ili ndi yakeyake, ndipo aphungu a m'ma state onse pamodzi amapitirira 7,300. Amenewa ndi amene amagwira zinthu zomwe zimatipweteka tsiku ndi tsiku, malamulo a layisensi ya unamwino, layisensi yoyendetsera galimoto, ndalama zopita ku sukulu za ana, malipiro otsikitsitsa a pa ola, za lendi, za apolisi. Ku Illinois nyumba ya malamulo ili ndi mbali ziwiri, seneti ya maseneta 59 ndi nyumba yaing'ono (House) ya aphungu 118, amakumana ku Springfield osati ku Chicago monga ambiri amaganizira. Ku Indiana, komwe kuli abale athu ambiri cha ku South Bend, maseneta ndi 50 aphungu 100. Nebraska yokha ndiyo ili ndi nyumba imodzi, anthu 49.

Chitsanzo chomwe ndigwiritse ntchito ndi cha Barack Obama, osati chifukwa anadzakhala pulezidenti ayi, koma chifukwa zaka zake pafupifupi 8 za ku Springfield, kuyambira January 1997 mpaka November 2004, zinalembedwa bwino ndipo zikuonetsa njira yonse, ndi matope ake omwe.

Musanachite china chilichonse, onani kaye ngati malamulo akukulolani. Ku Illinois muyenera kukhala nzika ya America, zaka 21 kapena kuposa, ndipo mwakhala m'dera lomwe mukufuna kuimiralo kwa zaka 2. State ina ili ndi zake, pitani pa webusayiti ya ofesi ya zisankho ya state yanu mukawerenge nokha, osadalira zomva. Ndipo apa ndichenjeze mwamphamvu, ngati muli ndi green card chabe musayerekeze kuvota kapena kulembetsa m'kaundula wa ovota ngakhale wina akukakamizeni pa tebulo panja pa sitolo, umenewo ndi mlandu woti atha kukuthamangitsani nawo m'dziko muno ndipo unzika mudzangoumva kwa anzanu. Chomwe wa green card amaloledwa ndi kuthandiza kampeni mongodzipereka komanso kupereka ndalama. Amene alibe green card ndalama asaperekeko olo dola imodzi, chimodzimodzi amalume anu a ku Area 47 amene akufuna kukutumizirani kenakake ka kampeni, athokozeni koma mukane, lamulo limaletsa ndalama za anthu akunja pa chisankho chilichonse cha muno.

Kenako funsani thumba lanu. Anthu amaganiza kuti uphungu ndi kulemera, kuno zimatengera komwe uli. Ku New Hampshire nyumba yaing'ono ili ndi aphungu 400 ndipo aliyense amalandira $100 pa chaka, inde pa chaka sindinalakwitse kulemba. Ku Texas ndi $7,200 pa chaka ndipo amakumana kamodzi pa zaka ziwiri kwa masiku 140. New York imalipira $142,000, Illinois inakweza kufika $85,000 mu 2023. Ndiye m'ma state ambiri phungu amakhala ndi ntchito ina yomudyetsa, ndipo ntchitoyo iyenera kukhala yoti abwana akulolani kusowa miyezi ingapo. Obama nthawi yonse ali seneta wa state ankaphunzitsanso zamalamulo pa University of Chicago. Ngati mumagwira mashifiti awiri kuti lendi ikwane ndi kutumiza kumudzi, khalani pansi ndi akunyumba muwerengere bwinobwino musanalonjeze aliyense.

Tsopano nkhani yeniyeni, masiginecha. Kuti dzina lanu lioneke pa pepala lovotera pa chisankho cha chipulula, ku Illinois muyenera kusonkhetsa masiginecha a anthu olembetsa kuvota a m'dera lanulo, 500 ngati mukufuna nyumba yaing'ono, 1,000 ngati mukufuna seneti, ndipo mumawasonkhetsa m'masiku 90 okha tsiku lomaliza kupereka mapepala lisanafike. Chipulula chimakhala mu March, ndiye nthawi yomwe ndinkathandiza kampeni ija ntchito yosainitsayi inkagwa chakumapeto kwa chaka chapitacho, kunja kutayamba kuzizira. Zikumveka zophweka eti, anthu 500 si ungowapeza pa ukwati umodzi. Ndi zomwe ndinkaganiza inenso.

Anandipatsa kabolodi kopanira mapepala ndi mabolopeni atatu, ndinakaima pakhomo pa sitolo ya zakudya Loweruka m'mawa, mphepo ikulowa m'makutu, inki ikukana kutuluka chifukwa cha kuzizira mpaka bolopeni ndimaibisa m'khwapa kuti ifunde. Pa anthu 10 odutsa mwina awiri amaima, ena amangoti akuthamanga, ena amakuyang'ana ngati ukupempha ndalama. Nditaona kuti zikuchedwa ndinachenjera, Lamulungu ndinapita nawo mapepala ku tchalitchi, abale anasaina mosangalala, mapepala awiri odzaza bwinobwino. Lolemba ndikukapereka ku ofesi ya kampeni, mtsikana wina wamng'ono amene ankayang'anira za mapepala anatsegula kaundula wa ovota pa kompyuta nayamba kuona dzina limodzilimodzi, uyu amakhala kunja kwa dera, chonga, uyu anasamuka koma sanasinthe adilesi, chonga, uyu sanalembetse n'komwe, uyu walemba dzina la mkazi wake ndi dzanja lomwelo lomwe walembera lake. Pa mapepala awiri aja anatsala mayina osakwana theka. Sanandikalipire, anangondipatsa mapu a dera ndi mndandanda wa nyumba za ovota nati mawa mukagogode zitseko izi.

Ndiye phunziro lake, sainitsani kuwirikiza kawiri kapena katatu nambala yomwe akufuna bola musapitirire malire omwe lamulo laika, yendani khomo ndi khomo ndi mndandanda wa ovota m'manja m'malo moima pa msika, munthu aliyense asaine yekha inu mukuona, alembe adilesi yomwe analembetsera kuvota, ndipo wosainitsa aliyense akasaine pansi pa pepala lake pamaso pa notary, munthu wovomerezedwa ndi boma kutsimikizira masiginecha ndi chidindo. Pepala limodzi lopanda chidindo cha notary limatha kugwa lonse ndi mayina ake onse. Masamba aikidwe manambala motsatana ndi kumangidwa pamodzi. Zimaoneka ngati zachibwana koma anthu akuluakulu agwera pomwepa.

Umboni wake ndi Obama yemweyo. Mu 1995 seneta wa dera la 13 kumwera kwa Chicago, mayi Alice Palmer, anaganiza zopikisana nawo pa mpando wa ku Congress, nyumba ya malamulo ya ku Washington ija, womwe unatsala opanda munthu, ndipo anamuvomereza Obama kuti alowe m'malo mwawo ku Springfield. Koma mayiwa anagonja kwa Jesse Jackson Jr. mu November chaka chomwecho, ndiye anabwerera kuti ndikufunanso mpando wanga uja. Nthawi inali itatha kale, anthu awo anasonkhetsa masiginecha mothamanga, 1,580, pomwe nthawi imeneyo ankafunika 757. Obama anakana kuwapatsa mpata, anthu ake anapita ku ofesi ya zisankho kukaunika masiginecha aja limodzilimodzi monga anandichitira mtsikana uja, abwino sanakwane 757, mayi Palmer anatuluka mu mpikisano. Anachitanso chimodzimodzi kwa ena atatu amene ankafuna mpandowo, mapeto ake pa chipulula cha March 1996 dzina la Obama linali lokha pa pepala. Ena ku South Side, kumwera kwa Chicago kuja, sanamukhululukire kwa zaka zambiri poti mayi aja anali olemekezeka ndiponso ndi amene anamutsegulira njira. Ine pandekha ndimaona kuti sizinali zokoma, koma lamulo sanaphwanye, ndipo inuyo mukalowa dziwani kuti mdani wanu adzatumiza loya wake kukaona mapepala anu, ali ndi masiku 5 ogwira ntchito oti akadandaule. Walira mvula walira matope. Pezani loya wodziwa za zisankho musanapereke mapepala, osati atakusumirani kale.

Kanthu kena kakang'ono, tsiku loyamba kupereka mapepala anthu amafola pa mzere ku ofesi ya State Board of Elections ku Springfield 8 koloko isanakwane, chifukwa onse amene ali pa mzere nthawi imeneyo amachita mayere olimbirana kuti dzina la ndani likhale pamwamba pa pepala lovotera. Pa mpando woti ovota ambiri sadziwa mayina a opikisana, kukhala pamwamba kumathandizako ndithu.

Chinthu china chomwe achimwene aja anadabwa nacho ndi chakuti m'madera ambiri chisankho chenicheni ndi chipulula, cha November chimangokhala mwambo. Malire a madera amajambulidwa mwakuti chipani chimodzi chimakhala ndi mphamvu zoonekeratu, ku South Side ya Chicago wa Democratic akangodutsa chipulula wawina kale, m'midzi ya kumwera kwa Illinois ndi wa Republican. Ndipo ovota pa chipulula amakhala ochepa, ambiri achikulire amene savota mophonya. Ndiye simukufunika msonkhano wa pa bwalo la mpira ndi zoimbaimba ndi nsalu za chipani, mukufunika nsapato zolimba. Mumatenga mndandanda wa anthu amene anavota pa zipulula ziwiri zitatu zapitazo, amenewo ndi amene mumawagogodera, kawiri katatu, kuwaimbira foni, kuwatumizira kalata. Zogawa ndalama kwa ovota iwalani, ndi ndende imeneyo.

Nanga mpando wake uti? Chosavuta kwambiri ndi mpando womwe mwini wake akuchoka, wapuma kapena akupita kukapikisana pamwamba, monga zinalili kwa Obama poyamba. Kugwetsa phungu amene alipo kale ndi ntchito yaikulu chifukwa ali ndi ndalama, dzina, ndi chipani kumbuyo kwake. Zimatheka komabe. Ilhan Omar, amene anabadwira ku Somalia nakulirako pang'ono mu kampu ya othawa nkhondo ku Kenya, mu August 2016 anagonjetsa pa chipulula mayi Phyllis Kahn amene anakhala phungu ku Minnesota zaka 44. Koma taonani, derali la ku Minneapolis linali litasintha, munali Asomali ambiri ndi ophunzira a pa yunivesite, ndipo iye anali atagwirapo kale ntchito m'makampeni a ena komanso ku khonsolo ya mzinda. Sanangodzuka. Obama naye asanaime anali atagwira ntchito yosonkhanitsa anthu m'matchalitchi a ku South Side kuyambira 1985, ndipo mu 1992 anatsogolera ntchito yolembetsa ovota atsopano mu Chicago. Ifeyo a Malawi kulibe dera lomwe tilimo ochuluka moti tingawinitse munthu patokha, ndiye ngati anthu okhawo amene amakudziwani ndi a gulu lathu la maliro ndi zikwati, yambani kaye kupita ku misonkhano ya makolo ku sukulu, ya khonsolo, ya chipani m'dera lanu, thandizani kampeni ya wina chaka chimodzi muone mmene amaphikira.

Za ndalama za kampeni ndingonena mwachidule, tsegulani akaunti yapadera ku banki, lembetsani komiti yanu ku ofesi ya zisankho, pezani msungichuma wosamala, ndipo ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka ilembedwe chifukwa malipoti ake amaikidwa pa intaneti aliyense amaona, atolankhani ndi adani omwe.

Tiyerekeze mwawina. Apa ndi pomwe ambiri amakhumudwa. Kuchokera ku Chicago kupita ku Springfield ndi mamailosi pafupifupi 200 pa msewu wa I-55, minda ya chimanga yokhayokha mbali zonse, maola atatu ndi kanthu, ndipo kuyambira January mpaka kumapeto kwa May mumayenda ulendo umenewu pafupifupi sabata iliyonse, kugona ku hotela, ana akukula kunyumba inu kulibe. Mukafika ndinu mwana wa dzulo. Obama atalowa mu 1997 seneti inali m'manja mwa a Republican, pulezidenti wake James "Pate" Philip, ndipo zinakhala choncho zaka 6. Bilu ya munthu wa chipani chochepa imatha kungofera mu komiti osakambidwa n'komwe. Chomwe Obama anachita, ndipo ndi chomwe muyenera kutengera, anapanga ubwenzi ndi a mbali inayo. Ankasewera nawo makhadi usiku ku Springfield, anaphunzira gofu, ndipo mu 1998 anagwirizana ndi seneta wa Republican Kirk Dillard pa lamulo loletsa aphungu kulandira mphatso zambiri kwa anthu ofuna kuwakopa komanso kudya ndalama za kampeni pa zinthu zawo. Mu seneti ya Illinois bilu imafuna mavoti 30 kuti idutse, ku nyumba yaing'ono 60, ndiye ntchito ya phungu kwenikweni ndi kuwerenga mitu, kodi ndili ndi angati, wotsalayo akufuna chiyani kuti abwere. Zolankhula zokoma pa maikolofoni sizisintha voti ya munthu.

Samalani ndi mabatani. Pa desiki ya phungu pali atatu, lobiriwira la inde, lofiira la ayi, lachikasu longonena kuti ndilipo. Lachikasulo pa masamu limagwira ntchito ngati ayi chifukwa silithandiza kufika pa 30, aphungu amalidina akafuna kutsutsa bilu popanda kuoneka kuti atsutsa, kapena chipani chikawauza kutero. Obama analidina maulendo pafupifupi 130 pa zaka zake zonse, pa mavoti masauzande, koma pofika 2008 akufuna upulezidenti adani ake anafukula zonsezo kumunena kuti ndi wozemba nkhani zovuta. Voti iliyonse imasungidwa pa ilga.gov, webusayiti ya nyumba ya malamulo ya Illinois, mpaka kalekale. Kujomba nakonso kumaluma, mu December 1999 kunali voti yofunika ya lamulo la mfuti iye ali ku Hawaii kokaona agogo ake, mwana wake anadwala sanabwerere, biluyo inalephera ndipo manyuzipepala a ku Chicago anamudya wamoyo.

Zomwe zikutifikitsa pa kuthamanga. Obama atangokhala zaka zitatu anaona ngati wakwana, anakapikisana ndi Bobby Rush pa mpando wa ku Congress pa chipulula cha March 2000. Rush anali mkulu wakale wa Black Panther Party, gulu lomenyera ufulu wa anthu akuda, wodziwika khomo lililonse ku South Side, ndipo anthu ankamuona Obama ngati mphunzitsi wobwera wophunzira ku Harvard. Anagwa chagada, Rush anapeza mavoti owirikiza kawiri, Obama anatsala ndi ngongole. Chinamupulumutsa ndi chakuti mpando wake wa ku state sunali pa chisankho chaka chimenecho poti mu 1998 anawina teremu ya zaka 4, ndiye anangobwerera ku Springfield mutu uli pansi. Maseneta a ku Illinois materemu awo amasinthasintha, pa zaka 10 zilizonse amakhala ndi awiri a zaka 4 ndi imodzi ya zaka 2. Ndiye mukafuna kulumphira pamwamba yang'anani kalendala, lumphani chaka choti mukagwa muli ndi pogwera.

Zinthu zinamutembenukira pa zifukwa ziwiri zomwe si za luso lake lokha. Kalembera wa anthu wa 2000 atatha malire anajambulidwanso, a Democratic ndi amene anagwira bolopeni, dera lake linatambasuka kutsata gombe la nyanja mpaka pakati pa Chicago komwe kuli anthu a ndalama. Kenako pa chisankho cha 2002 chipani chake chinatenga seneti, Emil Jones nakhala pulezidenti wake mu January 2003. Jones, mkulu wa ndale zakale za Chicago, anamutenga ngati mwana wake, anamupatsa upampando wa komiti ya zaumoyo ndi mabilu okoma omwe ena anawavutikira zaka, ena anang'ung'udza ndithu. Muone ubwino wokhala bwino ndi mtsogoleri wa nyumba, ndi iye amene amasankha kuti bilu iti iyende ndipo dzina la ndani likhale pamwamba.

Koma bilu imodzi ya 2003 ndi yomwe ndimauza aliyense kuti aiphunzire. Illinois inali ndi mbiri yoipa ya anthu kuvomera milandu yakupha chifukwa chozunzidwa ndi apolisi, moti mu 2000 bwanamkubwa George Ryan anaimitsa kunyonga ataona kuti anthu 13 amene anaweruzidwa kuti aphedwe anapezeka osalakwa. Obama anabweretsa bilu yoti apolisi azijambula pa vidiyo akamafunsa munthu woganiziridwa mlandu wakupha. Apolisi anakana, oimira boma pa milandu anakana, maseneta ena ankaopa kuoneka ofewa pa zigawenga. Iye sanapite pa wailesi kukawanyoza, anawaitana pa tebulo mobwerezabwereza, kumva chomwe akuopa, kusintha mawu apa ndi apo, kuwaonetsa kuti vidiyo yomweyo idzawathandiza iwo kukhoti munthu akadzanama kuti anamenyedwa. Mapeto ake mabungwe a apolisi anasiya kutsutsa, bilu inadutsa, bwanamkubwa watsopano Rod Blagojevich anasaina, Illinois inakhala state yoyamba kukhazikitsa zimenezi kudzera m'nyumba ya malamulo. Chaka chomwecho anadutsitsanso lamulo loti apolisi azilemba mtundu wa munthu aliyense amene amuimitsa pa msewu, kuti zioneke ngati akuda akuimitsidwa mopitirira. Ndi zimenezi zomwe anapita nazo kwa ovota mu 2004 pomwe anawina mpando wa seneti ya ku Washington ndi mavoti 70 pa 100 aliwonse.

Ndipo atachoka mu November 2004 mpando wake sunapite ku chisankho chapadera ayi, ku Illinois phungu akachoka pakati pa teremu akuluakulu a chipani chake a m'deralo ndi amene amakhala pansi n'kusankha wolowa m'malo. Anasankha Kwame Raoul, loya, mwana wa makolo ochokera ku Haiti, amene anakhala pa mpandowo mpaka anadzakhala Attorney General wa Illinois mu 2019. Khomo limeneli ambiri salidziwa, ndipo amalowera ndi anthu okhawo amene akuluakulu aja anawaonapo akunyamula mipando pa misonkhano ya chipani.

Achimwene aja ndinawauza kuti sabata ino alembe adilesi yawo pa webusayiti ya ofesi ya zisankho aone nambala ya dera lawo ndi dzina la phungu wawo, chifukwa nditawafunsa sanamudziwe, kenako aimbe foni ku ofesi yake ya m'dera afunse tsiku lomwe amakumana ndi anthu. Kabolodi kanga kopanira mapepala kaja ndinawabwereka kale, bolopeni akagule okha, atenge ya inki yosauma ndi kuzizira.